Bwalo Lathu la M'tauni: Zisudzo ndi Zoimbaimba ku Kitwe ndi ku Ndola

Mawu amene analankhulidwa pa mwambo wa bungwe la Achewa okhala ku Copperbelt

 Ndisanapitirire, tiyeni tipereke ulemu kwa mwini mbumba yonse ya Achewa a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique, Kalonga Gawa Undi. Yoo Gawa!

A komiti anandipempha kuti ndinenepo mawu pa nkhani ya zisudzo ndi zoimbaimba za m'matauni athu ano a Kitwe ndi Ndola, ndiponso zimene ife tingakonze m'miyezi ikudzayi. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ndinakalambira m'makalasi a ana a m'makomboni a migodi, ndipo chaka ndi chaka ndinkaphunzitsa ana masewero a mpikisano wa masukulu. Choncho zimene ndinene lero ndi za munthu amene wakhala nthawi yaitali kuseri kwa chinsalu, akunong'oneza ana mawu amene aiwala.

Miyezi yapitayo ndinatenga mdzukulu wanga kukaonera sewero m'holo ina ya m'tauni yathu. Achinyamata anasewera mwaluso m'Chibemba ndi m'Chingerezi, koma mipando yopanda anthu inachuluka kuposa yokhala ndi anthu. Pobwerera kunyumba mwana uja anandifunsa kuti, "Agogo, kodi Achewa alibe masewero awo? Nanga bwanji sindinamvepo chilankhulo chanu pa siteji?" Ndinasowa choyankha. Funso limeneli ndilo ndabwera nalo pamaso panu lero, ndipo kuti tiliyankhe bwino tiyenera kuyamba takumbuka kumene zisudzo za kuno zinachokera.

Migodi itakula, Azungu amene ankagwira ntchito kuno anadzimangira nyumba za zisudzo pafupifupi m'tauni iliyonse ya Copperbelt. Ku Kitwe kuli Kitwe Little Theatre, ku Ndola kuli Lowenthal Theatre, ndipo ku Luanshya, ku Mufulira ndi ku Chingola kunalinso makalabu awo. Mu 1952 makalabu otere anapanga bungwe la Northern Rhodesia Drama Association, limene linkachititsa mpikisano wa masewero chaka ndi chaka. Masewero ake anali a ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda ankalowa m'nyumba zimenezo ngati wantchito chabe. Makolo athu sanakhale chete chifukwa cha tsankho limeneli. Lamlungu masana mabwalo a m'makomboni ankadzaza ndi ng'oma, mtundu uliwonse ndi gule wake. Katswiri wina wofufuza za chikhalidwe, J. Clyde Mitchell, anaonera gule wa kalela ku Luanshya ndipo mu 1956 anafalitsa kabuku konena za gule ameneyu. Anthu athu a Kum'mawa ndi abale a ku Nyasaland nawonso anabwera ndi magule awo, kotero kuti mwana wobadwira m'komboni ankakula akumva nyimbo za kwawo kwa amayi ake.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ana a Zambia anayamba kufunsa chifukwa chake siteji ikupitirira kulankhula za anthu a kutsidya kwa nyanja. Pa University of Zambia, mphunzitsi Michael Etherton ndi ophunzira ake anamanga bwalo la zisudzo la panja lotchedwa Chikwakwa, dzina la chida chathu chomwetera udzu, ndipo gulu lawo linkayenda m'zigawo kukasewera m'zilankhulo za eni dera. Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, sewero la nkhondo yomenyera ufulu. Masautso Phiri ndi gulu la Tikwiza anaonetsa masewero onena za ana amene anaphedwa ku Soweto mu 1976. Mu 1975 kunabadwa bungwe la ZANTAA la magulu a anthu akuda, ndipo mu 1986 linaphatikizana ndi bungwe la makalabu akale aja kupanga NATAAZ. Mu 1994 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa National Arts Council yoyang'anira za luso m'dziko muno.

Pa chilankhulo chathu, akuluakulu nonse mukukumbukira Julius Chongo ndi pologalamu yake ya pa wailesi, Poceza m'Madzulo, imene tinkamvera kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kufikira m'ma 1970. Munthu mmodzi yekhayo ankakhala kalulu, fisi, mfumu ndi nkhalamba pa nthawi imodzi, ndipo nyumba zonse za m'komboni zinkati zii kumvetsera. Kwa abale athu ku Malawi, gulu la Kwathu linadzaza maholo kwa zaka zambiri ndi masewero a m'Chichewa, ndipo malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, amene tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, anaseketsa anthu mpaka kutsidya kwa malire. Tsono amene amati Chichewa sichikoma pa siteji aiwala msanga.

Pa zoimbaimba, matauni athu awiriwa ali ndi mbiri yaikulu. M'zaka za m'ma 1970 ku Kitwe kunabadwa mabandi a WITCH ndi Amanaz, ndipo a Amanaz anatulutsa chimbale chawo cha Africa mu 1975. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yosindikiza zimbale, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, imene inatulutsa nyimbo za oimba ambiri. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti wailesi iziulutsa makamaka nyimbo za m'dziko muno, oimba athu anapeza msika. Paul Ngozi ankaimba m'Chinyanja pa gitala ya magetsi ndipo achinyamata a mitundu yonse ankaimba naye. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, matenda a Edzi anatilanda oimba ambiri, ndipo pamene migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000, makalabu ndi maholo amene ankadalira thumba la migodi anatsala amasiye. Kanema ndi wailesi yakanema zinasunga anthu m'nyumba madzulo.

Koma taonani zimene zachitika pambuyo pake. Emmanuel "Jagari" Chanda wa WITCH, amene anafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, anabwerera pa siteji anthu a maiko akunja atafukula zimbale zake zakale. Mu 2019 kunatuluka filimu yonena za bandi yake, mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano cha Zango, ndipo waimba m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America. Sampa the Great, mtsikana wobadwira ku Ndola, anaimba ndi bandi ya ana a Zambia pa zikondwerero zikuluzikulu za Coachella ndi Glastonbury mu 2022. Zimene zinaphikidwa pa mafuwa athu, alendo akuzigula ndi ndalama zambiri pamene eni ake tikuchita manyazi kulipira tikiti ya sewero la ana athu.

Abale anga, nyumba za zisudzo zija zikadalipo, ndipo lero khomo lake nlotsegukira aliyense. Magulu a achinyamata, a masukulu ndi a mipingo akuseweramo, makwaya akuimbamo. Chimene chikusoweka ndi ifeyo. Choncho ndikupempha bungwe lathu kuti pa zionetsero za m'tsogolo muno tiikepo zitatu za dzanja lathu.

Choyamba chikhale sewero la ulendo wa makolo athu. Mbiri yathu imati tinachokera ku Malambo, m'dziko la Aluba ku Congo, kutsidya kwa malire amene ali pafupi ndi pano. Mwana wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu aone pa siteji mmene a Banda anafikira ku Kaphirintiwa, mmene Makewana ankapemphera mvula ku Msinja, mmene Kalonga wa a Phiri anakhazikira likulu lake ku Mankhamba, ndi mmene Undi anasamukira ku Mano. Amve tanthauzo la maina atatu a mfumu yathu: Kalonga, wolonga mafumu, Gawa, wogawa malo, Undi, wofungatira anthu ake monga mbalame ifungatira anapiye. Adziwenso kuti mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi boma la atsamunda mu 1934, ndi kuti Kalonga Gawa Undi X anautsitsimutsa mu 1984.

Chachiwiri chikhale sewero la moyo wathu wa kuno kumigodi, la mtchona amene anachoka ku Katete kapena ku Chadiza ali mnyamata nati adzabwerako chaka chamawa. Nkhani zake tili nazo m'nyumba zathu zomwe. Bambo akamwalira, abale amafika usiku kudzatenga katundu, pamene lamulo la chuma cha masiye la 1989 limati pa magawo 100 alionse, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo ndi 10 a ena amene malemu ankawasunga. Kodi malume, mwini mbumba, aime pati pa nkhani yotere? Sewero labwino likhoza kutifunsa funso limeneli tonse pamodzi, ndipo tidzaseka ndi kulira popanda wina kutchulidwa dzina.

Chachitatu akhale madzulo a nyimbo ndi magule: amayi athu ndi chimtali ndi chitelele, abambo ndi mganda, makwaya a mipingo yathu, ndi achinyamata a magitala amene angatenge mayimbidwe a pamtondo nkuwapatsa moyo watsopano. Tidzaitane ndi anzathu Alamba, eni nthaka ino, pamodzi ndi Abemba, Angoni, Ansenga ndi ena onse, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndiyenera kuiyenda mosamala, inu mafumu mundikhululukire ndikaphonya. Ena adzati, popeza tikufuna kudzaza holo, tiyeni tikwezemo Gule Wamkulu. Nzoona kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2008 linaulemba m'kaundula wake. Ulemu umenewu ndi wathu tonse a maiko atatu. Koma UNESCO sinatipatse chilolezo chogulitsa Gule. Gule ali ndi eni ake, amatuluka ku dambwe ndi chilolezo cha mfumu ya mzinda, ndipo amavina pa maliro, pa chinamwali, pa mpalo ndi polonga ufumu. Ndinaonapo ndi maso anga, pa chisangalalo china cha m'tauni, anyamata atavala zisanza ndi nthenga akudumphadumpha pakati pa mabotolo a mowa, olengeza nkumati amenewo ndi Nyau. Mtima unandiwawa. Kasiyamaliro ndi Chadzunda si zidole zokopera makasitomala. Ngati pa mwambo wathu pafunika Gule, apemphedwe kwa mafumu monga mwa mwambo, ndipo mbalule ilire pa bwalo loyenera. Chimodzimodzi zilangizo za anamkungwi zikhale m'tsimba. Za pabwalo zimene aliyense angaone ndi zambiri, ndipo zikukwanira kudzaza siteji kwa zaka.

Nanga zionetserozi tidzaziika liti? Chaka chathu chili kale ndi nthawi zake. Kumayambiriro kwa Julaye, Ndola amadzaza ndi alendo a Zambia International Trade Fair, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino ya madzulo a nyimbo. Loweruka lomaliza la Ogasiti timakalamba ku Mkaika, kumene mu 2007 kunasonkhana apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza. Sewero la mbiri ya makolo lionetsedwe masabata angapo tsikulo lisanafike, ku Kitwe kamodzi ndi ku Ndola kamodzi, kuti ndalama za pakhomo zithandize pa mabasi ndi pa mphatso yokalamba nayo, ndiponso kuti ana apite ku Mkaika akudziwa chimene akukaona. Sewero la mtchona likhoza kudikira nyengo ya 24 Okutobala, pamene dziko likumbukira ufulu wake.

Potsiriza, ndili ndi mapempho kwa aliyense wa ife. Inu agogo anzanga, tsegulani pakamwa pamene achinyamata abwera ndi makope kudzafunsa nthano, miyambi ndi mbiri ya mabanja, chifukwa wolemba sewero sangatunge m'chitsime chotsekedwa. Inu aphunzitsi ndi atsogoleri a makwaya, tipatseni ana ndi malo ophunzirira. Inu amalonda, gulani nsalu za zovala ndi kulipira holo. Inu makolo, musamseke mwana akalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chibemba. Muongoleni mwachikondi, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Ndipo tonsefe, tsiku la sewero likafika, tisaime pakhomo nkumati wolondera ndi mlamu wanga, ndilowe ulere. Tigule tikiti, ya ife ndi ya mwana wa mnansi. Wosewera ndi woimba amadya nsima ngati ife tomwe, ndipo akaona kuti thukuta lake likulemekezedwa adzabweranso chaka chamawa.

Ine ndikufuna kudzabwerera m'holo ija ndi mdzukulu wanga, tidzakhale pa mzere woyamba, kuti yankho la funso lake adzalimve yekha kuchokera pa siteji.

 Mulungu adalitse Kalonga Gawa Undi, adalitse bungwe lathu, adalitsenso dziko la Zambia. Yoo Gawa!