Injini Yolira Galimoto Itaima

 

Lero tikambirane za magalimoto akuluakulu onyamula katundu, aja timawatcha mathiraki. Ena mwa inu muli ndi ana kapena amuna amene amayendetsa magalimoto amenewa. Ena mumagulitsa nsima, nthochi ndi mazira pa boda ya Mwanza, ya Dedza, ya Mchinji kapena ya Songwe. Enanso ndinu madalaivala. Tsono nkhaniyi ndi yathu tonse. Inenso ndinayendetsapo thiraki zaka zambiri, ndiye zimene ndikambe pano ndinaziona ndi maso.

Mukapita pa boda usiku mumamva phokoso. Mathiraki aima pamzere, palibe imene ikuyenda, koma injini zikulira mpaka mbandakucha. Kodi nchifukwa chiyani?

Zifukwa zilipo. Ku Tete kumatentha kwambiri, ndipo dalaivala sangatsegule mawindo chifukwa cha udzudzu ndi akuba. Ndiye amasiya injini ikulira kuti makina oziziritsa agwire ntchito. Ku Dedza mu Juni kumazizira, ndipo amafuna kuti m'galimoto mufunde. Wina amadziwa kuti batire yake ndi yofooka, akuopa kuti akazimitsa, m'mawa siilira. Koma ambiri ndi chizolowezi chabe. Anamva kwa akuluakulu kuti injini ya dizilo sazimitsa. Zimenezo zinali za injini zakale. Za masiku ano zimalira msanga.

Tsono tiyeni tione zimene timataya injini ikamalira pachabe.

Choyamba ndi mafuta. Thiraki yaikulu ikaima injini ikulira, imamwa dizilo pafupifupi malita 3 pa ola limodzi. Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Dalaivala wagona maola 8. Malita 3 kuchulukitsa ndi 8 ndi malita 24. Chigubu cha malita 20 chatha, ndi ena 4 pamwamba. Akachita zimenezi masiku 10 pa mwezi, ndi malita 240. Kuposa mgolo wathunthu wa malita 200, galimoto osasuntha ngakhale phazi limodzi! Kumbukirani kuti kuno ku Malawi sitikumba mafuta. Amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mafuta akawonongeka panjira, mtengo wonyamulira katundu umakwera. Mtengowo timaulipira ndife, pogula feteleza, mchere ndi sopo.

Chachiwiri ndi injini yomwe. Ikamalira pang'onopang'ono nthawi yaitali, siitentha mokwanira. Dizilo sapsa yense. Mwaye umachuluka mkati, oyilo amada msanga, ndipo sefa ya utsi imene ili m'mathiraki atsopano imatsekeka. Mita ya makilomita siyenda, koma injini ikukalamba.

Chachitatu ndi moyo wathu. Utsi wa dizilo ndi woipa. M'chaka cha 2012, nthambi yoona za khansa ya bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO inalengeza kuti utsi umenewu umayambitsa khansa ya m'mapapo. Umapwetekanso anthu a mphumu ndi ana aang'ono. Amayi, mukamagulitsa malonda, musakhale pafupi ndi paipi ya utsi, makamaka muli ndi mwana kumbuyo. Ndipo munthu asagone pansi pa thiraki imene ikulira, kapena kuliza injini m'galaja yotseka. Mu utsi muli mpweya wina wosaoneka, wosanunkha, umene ungaphe munthu ali m'tulo.

Chifukwa cha mavuto amenewa, opanga magalimoto anaika nzeru ina m'mathiraki. Injini imatha kudzizimitsa yokha. Ku California, m'dziko la America, lamulo limaletsa thiraki yaikulu kulira itaima kupitirira mphindi 5. Kuyambira chaka cha 2008, injini zatsopano za kumeneko ziyenera kuzima zokha pakatha mphindi 5, pokhapokha ngati zinapangidwa kuti zizitulutsa utsi wochepa kwambiri zikaima. Limenelo ndi lamulo la kwawo. Koma mathiraki ambiri a Freightliner, Volvo ndi Scania amene akuyenda m'misewu yathu ali nayo nzeru imeneyi. Eni magalimoto ena amaitsegula, ena saitsegula.

Kodi zimatheka bwanji? Mulibe matsenga ayi. M'galimoto muli kabokosi ka kompyuta kamene kamayang'anira injini. Kakaona kuti galimoto yaima, giya ili pa nyutulo, ndipo mabuleki oimikira atsekedwa, kamayamba kuwerenga mphindi. Nthawi ikatsala pang'ono kukwana, kanyali kamaphethira patsogolo pa dalaivala, kapena pamatuluka mawu ochenjeza. M'mathiraki ambiri, mukaponda kilachi, buleki kapena moto nthawi imeneyo, kompyuta imayambanso kuwerenga. Mukangokhala osachita kanthu, imatseka mafuta, injini nkuzima.

Ndikuuzeni za mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito. Anapatsidwa thiraki yatsopano, ulendo wake woyamba wa ku Beira. Atafika pa Mwanza anaima pamzere, nkutsika kukagula chakudya. Pobwera anapeza injini yazima. Mtima unamuthawa. Anaganiza kuti waononga galimoto ya bwana. Anachita manyazi kufunsa anzake. Anathamanga kukafuna makaniko, kusiya kiyi ali pamalo pake, nyali zikuyaka, wailesi ikulira. Anabwera ndi makaniko patapita maola ambiri, batire itatheratu mphamvu. Galimoto imene inalibe vuto tsopano inali ndi vuto lenileni. Mzere unamudutsa, ndipo ndalama zake za chakudya zinathera kwa makaniko. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tsono inu madalaivala, gwirani mfundo izi.

Mukapatsidwa galimoto imene simunaizolowere, funsani ngati imazima yokha, ndiponso pakatha mphindi zingati. Tsopano mumatha kuwerenga, ndiye tsegulani buku la galimotoyo. Ngati lili m'Chingerezi, pemphani mnzanu akumasulireni.

Injini ikazima yokha, musadandaule. Bwezani kiyi kuti zonse zizime, ndipo zimitsani nyali. M'magalimoto ambiri injini imazima koma magetsi amatsala akuyaka. Mukafuna kunyamuka, lizani monga mwa masiku onse.

Musalole munthu kudula mawaya kapena kupusitsa kompyuta, monga kuika mwala kapena mtengo pa moto. Mungaononge zinthu zodula. Komanso kompyuta imasunga maola onse amene injini yalira itaima, ndipo makampani ambiri amaona zimenezi ali ku ofesi. Ntchito ingakuthereni pa nkhani ya mafuta.

Koma musamve molakwa. Pali nthawi zina zimene injini iyenera kulira galimoto itaima.

Mukayenda ulendo wautali ndi katundu wolemera, kapena mukangokwera chitunda chachikulu, musazimitse nthawi yomweyo. Dikirani mphindi 3 mpaka 5. Pa injini pali chipangizo chotchedwa turbo, chimene chimazungulira mothamanga ndipo chimatentha koopsa. Oyilo ndiye amachiziziritsa. Mukazimitsa mwadzidzidzi, oyilo amaima, nkupserera mkati.

M'mawa, dikirani kuti mphepo idzaze m'matanki a mabuleki. Mabuleki a thiraki amagwira ndi mphepo. Musanyamuke belu lochenjeza lisanasiye kulira. Apa pali moyo wanu ndi wa anthu a mumsewu.

Ngati galimoto ili ndi pampu yoyendetsedwa ndi injini, monga potsitsa katundu wamadzimadzi kapena pokweza tipa, injini iyenera kulira. Kompyuta imadziwa zimenezi, ndipo siizimitsa ngati inakonzedwa bwino.

Nanga za kutentha ndi kuzizira kuja? Funso limeneli ndi lenileni. Dalaivala ndi munthu, ayenera kugona bwino. Wosagona amasinza pa chiwongolero, ndipo ngozi yake imaposa mtengo wa mafuta. Ndiye inu eni magalimoto, musangotsegula kompyuta yozimitsa injini nkumusiya munthu akupsa m'galimoto ku Tete. Pali makina oziziritsa oyendera batire. Pali tozitenthetsa tating'ono timene timamwa dizilo wochepa kwambiri. Pali ma neti a m'mawindo otchinga udzudzu. Gulaninso mabatire abwino, kuti dalaivala asamaope kuzimitsa. Inu madalaivala, kambiranani ndi mabwana anu mwaulemu, muwasonyeze masamu tawerengera aja. Nyamulaninso bulangete ndi neti yanu yogonamo.

Amayi ndi abambo, mukabwerera kunyumba mukawauze amuna anu, ana anu ndi adzukulu anu zimene mwamva lero. Ngati galimoto iime nthawi yaitali, azidikira mphindi 5, kenaka azizimitsa. 

Mafunso okambirana

1. Thiraki ikalira itaima maola 6, imamwa malita angati a dizilo?
2. Tchulani mavuto atatu obwera chifukwa cha injini yolira pachabe.
3. Kodi dalaivala achite chiyani injini ikazima yokha?
4. Nchifukwa chiyani sitizimitsa injini nthawi yomweyo tikachoka ulendo wautali?
5. Lembani kalata yaifupi kwa m'bale wanu amene ndi dalaivala, yomuuza zimene mwaphunzira.