Ophunzira a M'mayunivesite ndi Ntchito Zodzipereka M'midzi Mwathu

Awa ndi mawu amene mlangizi wa chitukuko cha m'midzi analankhula pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera m'boma lathu la Thyolo. Tawasindikiza kuti amene sanafike pa msonkhanowo awerenge okha.

Nkhani imene ndatumidwa nayo ndi ya ana athu a m'mayunivesite, ndi ntchito zimene angagwire m'midzi mwathu muno mwakufuna kwawo, popanda malipiro.

Masabata apitawa ndinayamba kufotokoza nkhani yomweyi pa mudzi wina, ndipo ndisanafike patali gogo wina anandidula mawu nandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi mwatibweretseranso thangata?" Anthu anaseka, koma mwini funsoyo sanaseke. Funso lawo liyenera kuyankhidwa mwaulemu, chifukwa kuno ku Thyolo mawu amenewa ali ndi zipsera.

Poyamba kuthangata kunali kuthandizana basi. Munthu akachulukidwa ndi munda ankafulula mowa kapena thobwa naitana dima, anzake nabwera ndi makasu, tsiku lina iyenso nkukalima kwa mnzake. Atafika azungu a minda ikuluikulu m'maboma a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, mawu omwewo anapotozedwa. Munthu wokhala pa malo a esiteti ankakakamizidwa kugwirira ntchito mwini malo m'malo mwa lendi, kawirikawiri m'dzinja, pamene munda wake womwe unali kumufuna. Ichi chinali chimodzi mwa madandaulo amene anautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo lamulo lothetsa thangata linabwera mochedwa, mu 1962. Ambiri a ife tikukumbukiranso Sabata la Achinyamata m'nthawi ya Kamuzu. Tinkakonza misewu, kuumba njerwa ndi kumanga milatho, ndipo tisaname, zipinda zina zophunziriramo zimene zinamangidwa masiku amenewo zidakalipo. Koma panalibe amene akanakana. Sabatalo litatha pambuyo pa 1994, kunabwera ntchito za m'midzi zolipidwa monga za MASAF, kenaka chizolowezi cha alawansi, mpaka lero ena sabwera ku msonkhano wokamba za mjigo wa m'mudzi mwawo momwe asanafunse kuti pali kenakake kodi.

Choncho gogo aja ndinawayankha kuti ayi. Zimene ndikunena pano zikufanana ndi dima uja. Wophunzira adzabwera chifukwa wafuna, adzaleka ngati tamukhumudwitsa, ndipo palibe mfumu, khansala kapena mlangizi amene ali ndi mphamvu yomukoka. Ichi ndicho chikutipatsa ifeyo udindo waukulu kuposa iwo.

Ophunzira amene ndikunena ali pawiri. Choyamba ndi alendo athu a pa Ndata, pa yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Pa sukulu imeneyi pali achinyamata ochokera m'zigawo zonse za dziko lino amene akuphunzira zanyengo, za madzi, za nthaka ndi miyala, za ngozi zogwa mwadzidzidzi, za uinjiniya, za tizilombo toyambitsa matenda, ngakhalenso za chikhalidwe ndi nzeru za makolo. Timakumana nawo pa msika wa Goliati, ena amachita lendi m'nyumba zathu, koma ambiri a ife timangowadziwa ngati makasitomala a tomato ndi mandasi. Kachiwiri ndi ana athu obadwira konkuno amene ali ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Bunda, ku MUBAS ndi ku KUHeS mu mzinda wa Blantyre, ku Mzuzu ndi m'masukulu ena. Amenewa amabwera pa tchuthi nakhala masabata ambiri pakhomo, foni ili m'manja, ife nkumadandaula kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Kodi tinawapemphapo kanthu?

Ndikufunsa chonchi chifukwa ndinaonapo ndi maso anga mmene timatayira mwayi. Gulu lina la ophunzira linalonjeza kubwera pa mudzi wina Loweruka m'mawa. Anasonkherana okha ndalama ya galimoto, nafika nthawi yake. Pa bwalo anapeza mbuzi zokha. Anthu atasonkhana dzuwa lili pamutu, panayamba malonje ndi zolankhula zimene zinatenga pafupifupi maola awiri. Kenaka tinayang'anana, poti palibe anali ataganizira ntchito yoti anawa agwire. Wina anathamangira zikwakwa, ndipo mnyamata amene anali kuphunzira za ukhondo wa madzi anathera tsiku lonse akutchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi, pamene mjigo wa mudziwo unali utafa kwa miyezi, amayi akutunga madzi ku mtsinje. Kutchetcha si ntchito yonyozeka, ndipo anatchetcha mosanyinyirika. Koma udzu tikanatchetcha tokha. Ophunzira amenewo sanabwerenso, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Ndinali m'gulu la okonza tsikulo, kotero mlanduwo ndi wanganso.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko timafunika kudziwa poti tikametere. Ndilole nditchule malo amene ine ndikuona kuti ophunzira angatithandize kwenikweni.

Ndiyambe ndi madzi, poti kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anatiphunzitsa kuti madzi oipa sasankha mudzi. Ndi angati mwa ife amene anganene lero kuti m'dera lathu muli mijigo ingati, yogwira ntchito ndi ingati, ndipo yakufa inafa chiyani? Popanda chiwerengero chimenechi, pempho lathu likafika ku khonsolo limangokhala dandaulo pakati pa madandaulo ena. Ophunzira awiri kapena atatu, limodzi ndi makomiti a mijigo ndi alangizi a zaumoyo, atha kuyendera mjigo uliwonse, kuujambula pa foni, kulemba malo pamene uli, mabanja amene amamwapo, mtunda wochokera pa chimbudzi chapafupi, ndiponso ngati komiti yake ikusonkhetsa ndalama zogulira zipangizo. Ntchito imeneyi siitenga chaka. Ikatha, tidzakhala ndi pepala limene a Khansala angaliike pa tebulo.

Chimodzimodzi mapulani a chitukuko. Kuyambira 1998, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono, chitukuko chimayenera kuyambira m'mudzi. Komiti ya m'mudzi ilemba zosowa zake, ipereka ku komiti ya dera, ndipo kuchokera kumeneko zilowa mu pulani ya boma lonse. Makomiti athu amadziwa bwino mavuto awo, koma ambiri amavutika kuwalemba mwadongosolo ndi kuwerengetsera mtengo wake. Apa wophunzira akhoza kukhala mlembi wothandizira. Ndikubwereza, mlembi. Kusankha ngati mlatho ubwere patsogolo pa chipinda cha sukulu ndi kwa eni mudzi.

Nkhani ya namondwe sindifunika kuikokera patali. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola midzi m'chigawo chino cha kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Nthambi yoona zanyengo inachenjeza, koma uthenga wa pa wailesi ukanena za mamilimita a mvula, mayi wokhala m'munsi mwa phiri safunsa za mamilimita. Amafuna kudziwa ngati agone m'nyumba mwake usiku umenewo, ndipo ngati ayi, athawire kuti ndi njira iti. Ophunzira a zanyengo ndi a za ngozi zogwa mwadzidzidzi atha kukhala pansi ndi makomiti athu oona za ngozi, kujambula mapu a mudzi osonyeza malo otsetsereka, mitsinje yosefukira ndi kumene kuli nkhalamba ndi olumala, ndi kugwirizana za chizindikiro chochenjezera, kaya ndi belu la tchalitchi, likhweru kapena ng'oma. Iwo adzabweretsa za m'mabuku, koma amene akudziwa pamene madzi anafika zaka zammbuyo ndi inu agogo. Ntchitoyi igwiridwe mvula isanayambe, ndipo nyengo yodzala mitengo ikafika mu Disembala, mapu omwewo adzatiuza pofunika kudzala.

Ku sukulu nako mwayi ulipo, ndipo mwina ndiwo wosavuta kuuyamba. M'masukulu ambiri a sekondale oyendera, aphunzitsi a masamu ndi sayansi ndi ochepa. Wophunzira wa ku yunivesite amene analemba mayeso a Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo akukumbukirabe pamene pamavuta. Maola awiri Loweruka lililonse, pa sukulu pomwepo, mwa chilolezo cha mphunzitsi wamkulu, atha kusintha zotsatira za ana angapo. Koma pali china choposa masamuwo. Mtsikana wa Sitandade 8 akaona mtsikana mnzake wa mudzi woyandikana nawo akuphunzira uinjiniya, amayamba kuganiza mosiyana za ukwati umene azakhali ake akumunong'oneza. Zimenezi ife alangizi tingalankhule chaka chonse, sizilowa ngati mmene zimalowera akaona ndi maso.

Zina ndingozitchula mwachidule. Magulu a banki m'khonde amasweka kawirikawiri chifukwa cha mabuku osalembedwa bwino, ndipo wophunzira wa zowerengera ndalama atha kuwaonetsa kalembedwe koyenera. Sukulu za kwacha ndi za mkombaphala zimasowa othandizira. Ndipo pali ntchito ina imene ikutithawa tsiku ndi tsiku. Gule wa tchopa analembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2014 pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, koma nkhalamba zodziwa matanthauzo ake ndi zolankhula Chilhomwe chenicheni zikutha. Ophunzira a za chikhalidwe angathe kuzijambula mawu zikadali moyo, eni ake atavomera, ndi kusiya zojambulazo kuno kwathu.

Tsopano malire, poti dima nalonso linali ndi mwambo wake. Wophunzira si dokotala, ngakhale akuphunzira zachipatala. Asalembere munthu mankhwala, ndipo pa nkhani zaumoyo aziyenda ndi mlangizi wa zaumoyo. Asasunge ndalama za gulu lililonse. Maphunziro a ana achitikire pa sukulu kapena pa bwalo, masana, pali munthu wamkulu wa m'mudzi, osati m'chipinda cha lendi. Lamuloli likuteteza ana athu, likutetezanso ophunzirawo ku mabodza, ndipo ophunzira aakazi obwera kudzathandiza nawonso ayenera kutetezedwa ku abambo ena opanda khalidwe amene tonse tikuwadziwa. A Khansala, pepani ndinene pamaso panu, ana amenewa asavekedwe nsalu kapena malaya a chipani chilichonse. Tikangotero theka la mudzi lidzawatsekera zitseko.

Nanga ife tidzawapatsa chiyani? Ndalama tilibe, ndipo tiwauze poyera kuyambira tsiku loyamba. Tisawapemphenso ndalama. Pali maganizo akuti aliyense wa ku yunivesite ndi bwana, chikhalirecho ambiri akuphunzira ndi ngongole ya boma ndipo ena amadya kamodzi patsiku. Chimene tingathe ndi kusunga nthawi, kuwapatsa munthu wowaperekeza, kuwaphikira nsima ya masana ngakhale ya nkhwani, ndi kuwalembera kalata ntchito ikatha. Kalata imeneyi musaipeputse. Achinyamata ambiri akamaliza maphunziro amakhala nthawi yaitali osapeza ntchito, ndipo kulikonse kumene afunsira amafunsidwa kuti anagwirapo ntchito yanji. Kalata yokhala ndi chidindo cha mfumu ndi siginecha ya wapampando, yonena ntchito imene munthu anagwira, masiku ake ndi zotsatira zake, ndi umboni umene angaunyamule moyo wake wonse. Ilembedwe zoona zokhazokha, ndipo amene anangobwera kudzajambulitsa zithunzi za pa Facebook asalandire.

Kwa inu ophunzira ochepa amene ndikukuonani kumbuyoko, ndili ndi mawu awiri. Maphunziro anu ndiwo oyamba. Musalonjeze Loweruka lililonse ngati mungathe kawiri pa mwezi, chifukwa mudzi umakhululukira wolonjeza pang'ono koma suiwala wosabwera. Ndipo mukafika, yambirani kwa mfumu, lankhulani chinenero chimene agogo anu angamve, ndipo funsani musanaphunzitse. Mlimi amene wakhala zaka makumi anayi akulimbana ndi nthaka yotsetsereka ya kuno akudziwa zina zimene simunazipeze m'kalasi.

A Wapampando, pempho langa ndi ili. Pa msonkhano wathu wotsatira, komiti iliyonse ya m'mudzi ibwere ndi pepala limodzi lokhala ndi ntchito ziwiri zokha zimene ikufuna thandizo, masiku amene ntchitozo zingatenge, ndi dzina la munthu amene adzalandire ophunzira. Pa pepala lomwelo alembepo ana a m'mudzimo amene ali ku yunivesite kapena ku koleji, atawafunsa kaye eni ake. Ine ndidzasonkhanitsa mapepalawo, ndipo ndi chilolezo cha khonsolo tidzawapereka kwa akuluakulu oyang'anira ophunzira ndi kwa atsogoleri a magulu awo. Mudzi umene sudzabweretsa pepala sitidzautumizira munthu, kufikira utakonzeka.