TIPANGANE ZA ULENDO MATENDA ASANAFIKE

Mawu amene mlembi wa nthambi ananena pa msonkhano wa mamembala

Nkhani imene tasonkhanira lero ndi ya kayendedwe, ndiko kunena mmene wodwala afikira ku chipatala, ndi mmene thumba la chimanga lifikira ku msika.

Akuluakulu amene muli pano mukumbukira masiku a basi. Panali United Transport Malawi, imene inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, ndipo pambuyo pake inatchedwa Shire Bus Lines. Basi zina zinali kulowa m'misewu ya fumbi, kugona kumathero a msewu, ndi kulawira m'mamawa kunka ku boma. Munthu anali kudziwa nthawi yake ndi mtengo wake. Shire Bus Lines inatsekedwa mu 2007. Basi zazikulu zilipo lero lomwe, koma zambiri zitsata phula pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ife a kumidzi tatsala ndi matola, ngolo, njinga zakapalasa ndi anyamata a kabaza.

Kodi tinene kuti zoyendera palibe? Iyayi, zilipo. Ngolo zili m'makomo mwathu, njinga zamoto tizimva usana ndi usiku, ndipo lole ifika tsiku la msika. Chimene chisowa ndicho pangano. Yense ayenda payekha, yense alipira payekha, ndipo tsoka likagwa yense apempha payekha.

Taganizani za mayi woyembekezera. Mu 2007 boma linaletsa azamba kuthandiza amayi pochira kumudzi, ndipo mafumu ambiri anaika lamulo lakuti wochirira kunyumba alipe chindapusa, kwina mbuzi, kwina ndalama. Cholinga chake nchabwino, pakuti mayi akataya magazi ambiri, mzamba alibe chomupulumutsira. Koma tidzifunse bwino: ngati mudzi uli ndi mphamvu yolipitsa mbuzi, bwanji ulibe mphamvu yopezera mayiyo chokwera? Matenda akayamba pakati pa usiku, mwamuna ayamba kugogoda khomo ndi khomo. Mwini ngolo ati ng'ombe zatopa, wa kabaza ati ayambe waona ndalama. Nthawi imene itayika pokambirana mtengo ndi imene ipha munthu. Ambulansi ingathe kuitanidwa, inde, koma itumikira midzi yambiri, ndipo masiku ena isowa mafuta.

Taganizaninso za zokolola. Apa tiwerengere pamodzi monga ana a sukulu. Thumba limodzi lilemera makilogalamu 50. Lole ya matani 3 inyamula matumba 60. Mlimi wa matumba 6 sangathe kulipira lole yonse, chotero agulitsa pakhomo kwa venda, pa sikelo ya venda, pa mtengo wa venda. Koma alimi 10 a matumba 6 adzaza lole ija, ndipo yense alipira gawo limodzi la magawo khumi. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera ndipo mtengo wa ulendo uliwonse unakwera nawo. Galimoto yoyenda theka lokha lodzaza ndiyo ndalama zathu zotayidwa m'njira.

Nchifukwa chake komiti ya nthambi ipempha kuti tivomerezane zinthu zinayi.

Choyamba, pakhale buku la onyamula. Mulembedwe yense amene ali ndi ngolo, njinga yamoto kapena galimoto, pamodzi ndi nambala ya foni yake. Anthu amenewa agawane masabata, kuti usiku uliwonse padziwike amene ali pa ntchito ya odwala. Dzina lake likhomedwe pa sukulu, pa chigayo ndi kwa a mfumu.

Chachiwiri, mtengo upanganidwe masana, anthu ali ndi mitima yofatsa. Wa kabaza sali mdani wathu. Agula mafuta, akonza matayala, ndipo ambiri njinga si zawo, apereka ndalama kwa eni ake. Ayenera kulandira zake zokwanira. Koma mtengo umene tagwirizana pano ukhale womwewo ngakhale pa 2 koloko usiku.

Chachitatu, pakhale thumba la maulendo. Banja lililonse liponye pang'ono nthawi yokolola, kaya ndalama, kaya ndowa ya chimanga. Amayi a banki mkhonde atiphunzitsa kale kasungidwe kake: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, ndi kuwerenga poyera. Wodwala anyamulidwe msanga, thumba lilipire wonyamula m'mawa mwake, ndipo banja libweze pang'onopang'ono. Mayi amene masiku ake ayandikira apite naye masana ku nyumba yodikirira ya ku chipatala, osalinda usiku.

Chachinayi, pakhale masiku odziwika a katundu. Amene afuna kutumiza matumba kapena kukatenga feteleza alembetse masiku atatu ulendo usanafike. Ngolo zisonkhanitse katundu pamalo amodzi pafupi ndi msewu, kuti lole ingofika ndi kupakira. Ndipo isabwere yopanda kanthu: itengeko feteleza, mchere, malata kapena mabuku a sukulu.

Koma zonsezi zifuna msewu. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo midzi ina inakhala masiku ambiri yosafikika. Chigumula chotero sitingachiletse. Koma zimene zitsekereza galimoto chaka ndi chaka nzazing'ono: ngalande yokwiririka, mlatho wa mitengo yofumbwa, dzenje limene khasu likadatha. Izi tikonze tokha mu Okutobala, mvula isanagwe. Ameneyu si thangata wa nthawi ya atsamunda, pakuti odzayendapo ndi ana athu omwe. Zofuna simenti ndi zitsulo tizilembe bwino ndi kuzipereka ku komiti ya chitukuko ya kwa a gulupu, imene tiitcha VDC, kuti zikwere ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kufikira ku khonsolo. Imeneyi ndiyo njira imene dziko linaika kuyambira 1998, ndipo pempho lolembedwa ndi mudzi wonse lilemera koposa dandaulo la munthu mmodzi.

Wina adzati, ine ndili ndi njinga yanga, ndiponyerenji m'thumba? Abale, njinga siyendetsa mwini wake akadwala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo thumba limeneli lisafunse khadi ya munthu. Wodwala ndi wodwala, akhale membala kapena ayi.

Tsono buku lili pano pa tebulo. Eni ngolo ndi anyamata a kabaza, tipempha mutsale pang'ono tikatseka msonkhano, kuti tilembe maina ndi kugawana sabata loyamba. Mafumu athu, tipempha mutiuze tsiku la khasu pa msewu.