Mai Nora Roberts ndi Mabuku a Chikondi

Lero ndifuna kukamba nanu za mabuku amene amuna ambiri amawanyoza, nanena kuti ndi nkhani za akazi chabe, ndiponso za mai mmodzi wa ku Amereka amene walemba mabuku otere oposa 200. Dzina lake ndi Nora Roberts.

Poyamba mudziwe kuti mabuku ameneŵa ali ndi malamulo ake. Lamulo loyamba ndi lakuti mutu wa nkhani ukhale chikondi cha anthu aŵiri. Nkhondo, malonda kapena mlandu zikhoza kuloŵamo, koma zisaphimbe aŵiriwo. Lachiŵiri ndi lakuti nkhani ithe bwino. Aŵiriwo akangane, asiyane, alire, koma pa tsamba lotsiriza akhale pamodzi. Wolemba akapha mwamunayo m'chaputala chomaliza, oŵerenga amati waŵabera ndalama zao. Ena a inu munaonapo timabuku ta Mills & Boon, kampani imene inayamba ku London mu 1908. Kampani ya ku Canada yotchedwa Harlequin inaigula mu 1971, ndipo inali kutulutsa timabuku tatsopano mwezi ndi mwezi, tofanana msinkhu ngati njerwa za m'chikombole chimodzi.

Mai Roberts anabadwa mu 1950 ku Silver Spring, m'chigawo cha Maryland. Sanapite ku sukulu ya ukachenjede ai. Atatsiriza sekondale anakwatiwa. M'mwezi wa February 1979 kunagwa chipale chofeŵa chambiri kotero kuti njira zinatsekeka, ndipo iwo anabindikira m'nyumba masiku angapo ndi ana ao aŵiri aang'ono aamuna. Pamenepo anatenga pensulo ndi kope nayamba kulemba. Zimene analemba anatumiza kwa a Harlequin, koma anaŵakana. Chifukwa china chimene anapereka chinali chakuti ali naye kale wolemba wao wa ku Amereka, ndiye Mai Janet Dailey, ndipo mmodziyo anawayesa wokwanira. Mwai unadza mu 1980 pamene kunayamba kampani ina ya Silhouette, yofuna olemba a ku Amereka komweko. Buku lao loyamba, Irish Thoroughbred, linatuluka mu 1981.

Tsono funso limene ndimva kaŵirikaŵiri ndi ili: ngati mathero adziŵika kale, nanga munthu aŵerengeranji? Ine ndiyankha kuti pa ukwati tonse timadziŵa kuti mkwati ndi mkwatibwi adzavomera, komabe timapita, ndipo amai amalulutira ndithu. Woŵerenga alikufuna kuona njira: chimene chilikuletsa aŵiriwo nchiani, ndani ayambe kugonja, kunyada kuthe bwanji. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya wolemba, ndipo apa ndi pamene Mai Roberts anasintha zinthu. M'timabuku takale mtsikana anali wamng'ono ndi wamanyazi, kaŵirikaŵiri namwino kapena mlembi wa mu ofesi, ndipo mwamuna anali wolemera, waukali, wosaulula za mumtima mwake kufikira kumapeto. Akazi a m'mabuku a Mai Roberts ali ndi ntchito zao ndi ndalama zao, ndipo amayankha akanenedwa. Iwo anali mmodzi wa olemba amene anayamba kutiloŵetsa m'maganizo a mwamunayo, kuti timve mantha ake. Anazoloŵeranso kulemba mabuku atatu kapena anai otsatizana onena za banja limodzi, monga banja la MacGregor, kotero kuti amene anali mlamu chabe m'buku loyamba amapeza wake m'buku lachiŵiri. Lamulo la mathero abwino sanaliswe konse.

Amalemba msanga kotero kuti osindikiza analephera kutulutsa zonse pa dzina limodzi. Nchifukwa chake mu 1995 anatenga dzina lina, J. D. Robb, zilembo ziŵirizo ndi zoyamba za maina a ana ao aja. Pa dzina limeneli amalemba za mkazi wapolisi, Eve Dallas, wofufuza milandu ya kupha anthu mu mzinda wa New York m'zaka za kutsogolo, kuyambira 2058. Poyamba oŵerenga ambiri sanadziŵe kuti wolemba ndi yemweyo.

Pali mlandu wina umene ndifuna muuganizire, makamaka inu amene mumati mabuku onseŵa ndi amodzimodzi, ndipo aliyense angathe kuŵalemba. Mu 1997 woŵerenga wina anazindikira kuti mau a m'buku la Mai Dailey, amene aja anatsekera Mai Roberts khomo la Harlequin, afanana kwambiri ndi a m'buku la Mai Roberts. Mai Dailey anavomera kuti anakopera. Taonani, nkhani ya mwamuna ndi mkazi okondana ndi ya aliyense, ndipo palibe anadandaula za imeneyo; chimene chinabedwa ndi ziganizo, ndipo woŵerenga wamba anazizindikira monga muzindikira mau a mbale wanu mumdima. Mai Roberts anakasuma ku bwalo la milandu, nkhaniyo inatha mwa kumvana, ndipo ndalama zimene analandira anazipereka ku mabungwe ophunzitsa anthu kuŵerenga ndi kulemba.