NZERU ZA OPHUNZIRA ZIBWERERE KWA ENI ACE

Pa Yunivesite pali magulu awiri a akacenjede. Ena aphunzira za miyala, za mankhwala ndi za makina, ndipo nchito yao ioneka ndi maso: mgodi uzama, mlatho uima, wodwala acira. Koma alipo ena amene aphunzira za munthu mwini, ndiko kunena mbiri yace, cinenero cace, miyambo yace ndi maganizo ace pa zabwino ndi zoipa. Za awa anthu afunsa kawirikawiri kuti, "Kodi phindu lao n'ciani? Kodi mbiri yakale idzaza mbale ya nsima?" Funso limeneli siloipa ai, ndipo yankho lace lipezeka pafupi, m'mbiri ya migodi ya dziko la Zambia.

M'mwezi wa May caka ca 1935 anchito a ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya analeka nchito cifukwa ca kusintha kwa msonkho, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti. Boma linadzidzimuka, pakuti linaona kuti silinadziwe zimene zinali m'mitima ya anthu a m'komboni. Zimenezi zinalimbitsa mau a Bwanamkubwa, Sir Hubert Young, amene anafuna kuti pakhale bungwe lofufuza za makhalidwe a anthu. Cotero m'caka ca 1937 linakhazikitsidwa bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, ndipo mkulu wace woyamba anali Godfrey Wilson.

Masiku amenewo eni migodi ndi Boma anakhulupirira kuti wanchito wa ciAfrika ali mlendo cabe m'tauni: abwera, atsiriza matikiti ace owerengeka, nabwerera kumudzi. Cifukwa ca ici malipiro, posho ndi nyumba zinayesedwa monga ngati munthuyo alibe mkazi kapena ana. Tsono Wilson anaphunzira Cibemba, ndipo m'zaka za 1939 ndi 1940 anakhala ku Broken Hill, kumene tsopano kuchedwa Kabwe, nayenda nyumba ndi nyumba kufunsa anthu. Anapeza kuti amuna ambiri, cicokere kumudzi, anatha zaka zao zocuruka m'tauni, ndi kuti ambiri anali ndi akazi ao komweko. Anaonetsanso kuti midzi inali kusauka popeza amuna amphamvu anacokamo, kotero kuti kuchipa kwa anchito pa mgodi kunali kulipiridwa ndi nkhalamba ndi akazi otsala kumudzi.

Mau otere sanakondweretse onse. Azungu ena anadandaula kuti Wilson akhala pansi ndi kusuta fodya pamodzi ndi anthu akuda. M'caka ca 1940, pamene anchito a ku Nkana ndi ku Mufulira analekanso nchito, eni mgodi wa Broken Hill anamletsa kulowa m'komboni mwao, ndipo m'caka ca 1941 iye anatula udindo wace. Apa cioneka coyamba: mau a wophunzira sali opanda kulemera. Akadakhala opanda pace, sibwenzi wina atatseka cipata.

Pambuyo pace J. Clyde Mitchell anapenyetsetsa gule wa Kalela amene anyamata a ciBisa anali kubvina ku Luanshya tsiku la Sabata. Obvinawo anabvala zobvala zaudongo za m'tauni, wina monga dokotala, ndipo nyimbo zao zinali kutama mtundu wao ndi kuseka mitundu yina. M'buku lace la The Kalela Dance, la m'caka ca 1956, Mitchell anafotokoza kuti mtundu wa munthu m'tauni suli cinthu cimodzi ndi mtundu wace kumudzi pansi pa mfumu. M'tauni, pakati pa zikwi za alendo, dzina la mtundu lithandiza munthu kudziwa amene angamkhulupirire, amene angaseke naye, ndi amene adzamuika m'manda, monga acitira Angoni ndi Abemba pa cimbuya cao. Naye A. L. Epstein, m'buku la m'caka ca 1958, anaonetsa kuti pa nkhani ya malipiro anchito a ku Luanshya sanayang'ane mtundu. Bungwe lao la anchito a m'migodi linayamba m'caka ca 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo m'caka ca 1953 anchito anabvota kuti oimira mitundu m'makomboni acotsedwe.

Komatu pa nchito yonseyi panali cilema. Mabuku amenewa analembedwa m'Cingelezi cobvuta, ndipo ambiri amene anawawerenga anali ku Manchester, ku London ndi ku Cape Town. Wobvina Kalela, amene nyimbo yace inaoloka nyanja, kawirikawiri sanamve zimene zinanenedwa za iye. Ngakhale Aafrika amene anathandiza kufunsa mafunso ndi kumasulira nyimbo anangochulidwa pang'ono m'mau othokoza. M'caka ca 1971 Bernard Magubane wa ku South Africa, amene anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Zambia, anatsutsa Mitchell ndi Epstein kuti anasamala kwambiri za zobvala ndi kutsanzira Azungu, nacepetsa nkhani ya ulamuliro wa atsamunda umene unapanikiza anthuwo. Iwo anayankha, ndipo mtsutso unakula. Kutsutsana kotere n'kwabwino, pakuti nzeru za yekha anabviika nsima m'madzi. Koma mlandu unali kuzengedwa eni ace kulibe.

Njira yina inayesedwa kale ku England. M'caka ca 1903 Albert Mansbridge anayambitsa bungwe lofikitsa maphunziro apamwamba kwa anchito. M'caka ca 1908 mphunzitsi wa mbiri, R. H. Tawney, anayamba kukwera sitima sabata ndi sabata kukaphunzitsa anchito a ku Rochdale, mudzi wa oomba nsalu, ndi a ku Longton, mudzi wa oumba mbale. Anthuwo anabwera atatopa ndi nchito, namvetsera, nafunsa, natsutsa, ndiponso analemba nkhani zao. Sanafune kalata ya mayeso. Anafuna kudziwa cifukwa cace dziko lao linali monga linaliri. Mphunzitsi nayenso anaphunzira, pakuti amene analankhula nao anali kudziwa za malipiro ndi njala osati m'buku koma m'thupi.

Wailesi inatsegula khomo lina. M'caka ca 1948 BBC inayamba mwambo wa nkhani za Reith, kuti caka ndi caka munthu mmodzi wanzeru alankhule kwa anthu onse pa funso lalikulu. Woyamba anali Bertrand Russell, amene anakamba za mphamvu ya Boma ndi ufulu wa munthu. M'caka ca 1965 analankhula Robert Gardiner wa ku Ghana pa za kukhalirana kwa mafuko a anthu, ndipo m'caka ca 1979 Ali Mazrui wa ku Kenya anakamba za mabvuto a Afrika. Ku Lusaka nako, kuyambira m'caka ca 1949, kawailesi kochipa kooneka ngati mphika kanalowa m'nyumba za m'komboni, ndipo anthu anazolowera kumva nkhani m'zinenero zao.

Pamene Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndi ophunzira 312, anthu wamba anali atasonkhako ndalama zao. Inali ndi ngongole kwa iwo. Nthambi yace yophunzitsa anthu a kunja, imene mkulu wace woyamba anali Lalage Bown, inatumiza aphunzitsi kukakhala m'zigawo, kuti kalaliki, mphunzitsi wa sukulu ndi wanchito wa pa mgodi amve za mbiri, za cuma ndi za malamulo madzulo ataweruka. Ndipo akacenjede a m'dziko momwemo anayamba kuyankha mafunso a kwao. Mmodzi wa iwo ndi Mubanga Kashoki, amene anafufuza Cibemba ca m'matauni, ndipo m'caka ca 1978 anaturutsa pamodzi ndi Sirarpi Ohannessian buku lalikulu la zinenero za Zambia. Funso lakuti mwana ayambe sukulu m'cinenero citi likhudza nyumba iriyonse.

Mafunso akulu sanathe. Boma linalengeza m'caka ca 1969 kuti litenga magawo 51 pa 100 a migodi ya kopa. Pofika caka ca 2000 migodi yaikulu inali itagulitsidwanso, ndipo anchito ambiri anacotsedwa. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma unasiya mtobvu m'dothi umene waononga thanzi la ana. Injiniya angayese dothilo, dokotala angayese magazi. Koma kunena amene ali ndi mangawa, ndi cimene mbadwo umodzi uyenera kusiyira unzace, ndiyo nchito ya odziwa mbiri, malamulo ndi cilungamo, pamodzi ndi anthu amene akhala pa dothilo.

Tsono pali zofunika mbali zonse ziwiri. Wophunzira ayenera kuturuka m'cipinda cace, kukaima m'holo ya m'komboni kapena pa wailesi, ndi kunena zimene wapeza m'mau amene agogo angamve. Ayenera kubweza nkhani kwa amene anampatsa, ndi kulola kuti amkonze pamene waphonya. Womvera nayenso asaope dzina lalitali la munthu. Ayenera kufunsa kuti, "Munazimva kwa yani? Munafunsa angati? Alipo amene akutsutsani?" Wophunzira woona akondwera ndi mafunso otere, pakuti ndiwo amene iye mwini adzifunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mau amenewa agwera wa pa mgodi ndi wa pa Yunivesite cimodzimodzi.