ANTHU OWERENGERA MADZI ASANAFIKE

Nkhani yokambidwa kwa alimi ndi asodzi a ku Kafue

Munthu akaima pafupi ndi ulalo wa njanji wa pa Kafue, umene unamangidwa m'caka ca 1906, aona madzi ali kuyenda pang'onopang'ono ngati alibe kopita. Koma madziwo ali pa ulendo wautali. Acokera ku malire a Congo, apyola dziko la migodi, atambalala pa cigwa ca Kafue Flats, alowa m'Zambezi pafupi ndi Chirundu, nakathira m'nyanja yamcere ku Mozambique. Alipo anthu ophunzira amene nchito yao ndiyo kuwerengera madzi asanafike: ena a m'mitsinje, ena a m'nyanja, ena madzi oundana a ku malekezero a dziko. Mlimi ayenera kudziwa nchito imeneyi, pakuti dimba lace ndi ng'ombe zace zili m'masamu a anthuwa.

Kodi agwira bwanji nchitoyi? Mwana akakumba kakhwawa pa mcenga nathiramo madzi a m'cikho, aona kumene madzi athamangira. Katswiri acita cimodzimodzi, koma khwawa lace aliumba ndi masamu m'makina ochedwa kompyuta. Agawa nyanja kapena cigwa m'timagawo ting'onoting'ono, nalemba pa kagawo kali konse kuya kwa madzi, mphamvu ya mphepo ndi kutentha. Tsono makinawo awerenga madzi otuluka m'kagawo kena ndi kulowa m'kanzace, ora ndi ora, kufikira aonetsa za mawa ndi mkuja. Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, anayesa kuwerengera nyengo cotere ndi pensulo, nafalitsa njira yace mu 1922, koma nchitoyo inali yocedwa kopambana. Makina anayamba kuikhoza mu 1950.

Kumpoto kwenikweni ndi kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi kuzizira kotero kuti nyanja iundana pamwamba. Madzi oundanawo ngoyera, ndipo abweza dzuwa monga icita nyumba yopakidwa laimu. Akasungunuka, nyanja yakuda imwa kutentha konse. Kuyambira 1979 akatswiri akhala akuwayesa ndi makina ozungulira kumwamba. Mu September 2012 a kumpoto anacepa koposa kale lonse ciyambire kuyesa, ndipo a kumwera anatero mu February 2023. Kusungunuka kwa madzi oundana a pamtunda, pamodzi ndi kufufuma kwa madzi ofunda, kwakweza nyanja masentimita ngati 20 kuyambira 1900.

Masentimita amenewo aoneka ocepa kufikira tsiku la namondwe. Mphepo yaikuru ikankhira nyanja kumtunda monga munthu auzira madzi m'mbale nawataya mbali yina. Usiku wa pa 14 March 2019 namondwe Idai anafika ku Beira, nyanja inalowa m'makwalala, mitsinje inasefukira, ndipo anthu oposa 1,000 anafa m'Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Owerengera anamuona masiku angapo asanafike. Koma cenjezo lipulumutsa munthu pokha-pokha likamfika, iye nalimvera.

Wina angati, "Kuno kulibe nyanja, nanga ife zitikhudza bwanji?" Yankho ndilo lakuti mvula ibadwira ku nyanja. Mu 2023 madzi a nyanja ya Pacific anafunda, cimene acicha El Niño, ndipo akatswiri anacenjezeratu kuti mvula idzacepa kuno kumwera kwa Africa. Zinaterodi. Pa 29 February 2024 Boma la Zambia linalengeza kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi citapserera.

Pa mtsinje wa Kafue masamu omwewo agwira nchito tsiku ndi tsiku. Cigwa cili pakati pa madamu awiri: la Kafue Gorge kunsi, lomangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda, limene linatha mu 1977. Cigwaco ncathyathyathya kotero kuti madzi otsegulidwa ku Itezhi-Tezhi ayenda masabata ambiri asanafike pa Kafue. Cifukwa cace a ZESCO ayenera kuwerengeratu. Akatsegula ocepa, msipu wa ng'ombe suphuka bwino, nsomba zisowa poswanira, ndipo nyama za lechwe zivutika. Akatsegula ocuruka pa nthawi yolakwika, madimba amira. Ndico cifukwa panaikidwa lamulo lakuti m'mwezi wa March atsegule madzi oonjezera onyowetsa cigwa. Masamu onsewa adalira anthu wamba amene awerenga miyeso ya mvula ndi mizati yoyesera mtsinje m'mawa muli monse. Wozula mzati wotere kapena kuuononga acititsa khungu mudzi wace womwe.

Pali cinthu cimodzi coti cimveke bwino. Katswiri sali woombeza ula. Sanena kuti mvula idzagwa pa munda wa uje Lacitatu. Anena kuti, pa njira khumi zimene nyengo ingatsate, zambiri zipita ku cilala, kapena zambiri zipita ku cigumula. Nthawi zina nyengo itsata njira yocepayo, koma mlimi wokonzeka ataya pang'ono, pamene wonyozera ataya zonse.

Tsono mlimi wanzeru amvere pa wailesi zimene a Zanyengo alengeza mvula isanayambe, nafunse mlangizi wa zaulimi mbeu yoyenera cakaco. Pomveka za cilala abzale mbeu yoca msanga, naonjeze mapira, cinangwa kapena nyemba. Pomveka za madzi ambiri akweze nkhokwe, asamutsiretu ng'ombe ku mtunda, ndipo asodzi a ku Chanyanya ndi a m'misasa yina asadikire kuti madzi afike pakhomo. Womanga nyumba afunse akuluakulu pamene madzi anafika kale, pakuti makolo ananena zoona kuti madzi saiwala khwawa.