KUBANGULA KWA INJINI M'NYENGO YA MAGETSI

Usiku uno tikambirana za mtundu wina wa magalimoto a ku America umene eni ake amautcha muscle cars, kutanthauza magalimoto anyonga. Galimoto yotere siikhala yaikulu kwenikweni, koma imanyamula injini ya masilinda 8, yotchedwa V8, imene imabangula ngati mkango ndi kumwa petulo mosaleza.

Ambiri amati mtundu umenewu unayamba mu 1964, pamene kampani ya Pontiac inatulutsa GTO. Ford Mustang inaoneka chaka chomwecho, ndipo Dodge Charger inatsatira mu 1966. Chisangalalocho sichinakhalitse. Mu 1970 boma la America linakhwimitsa malamulo oletsa utsi woipitsa mpweya, ndipo mu 1973 maiko a Aluya analeka kugulitsa mafuta ku dzikolo, mtengo wa petulo nukwera. Injini zinachepetsedwa mphamvu, anthu nayesa kuti basi kwatha. Koma madzi saiŵala khwaŵa. Akatswiri atapeza njira zosefera utsi ndi zoyendetsera mafuta ndi kompyuta, nyonga ija inabwerera, ndipo mu 2008 Dodge Challenger inatulukanso.

Chiyeso chachiŵiri chadza ndi magetsi. Mu December 2023 fakitale ya ku Brampton, m'dziko la Canada, inapanga Challenger ndi Charger zotsiriza za injini ya V8, ndipo m'nyengo yomweyo Chevrolet inasiya kupanga Camaro. Mu 2024 Dodge inatulutsa Charger Daytona yoyendera mabatire. Pa liŵiro galimotoyi siichita manyazi, pakuti yamphamvu koposa mwa izo ili ndi nyonga ya akavalo 670. Komabe, popeza injini yamagetsi imayenda mwakachetechete, opanga anaika kumbuyo chipangizo chotulutsa phokoso lotsanzira V8.

Omvera, chipangizo chimenechi chikutiuza zoona zake za nkhaniyi. Wogula galimoto yotere sagula liŵiro lokha. Amagula kugunda kwa injini kumene amakumva m'chifuŵa, ndi chikumbutso cha galimoto imene ankayendetsa atate ake. Zimenezi sizitsanzirika. Galimoto yamagetsi ija siinagulidwe monga momwe kampani inayembekezera, ndipo mu 2025 Dodge inabweretsanso Charger ya petulo, ngakhale kuti ya masilinda 6. Ford nayo siinasiye kuika V8 mu Mustang.

Sitinganene kuti utsi ndi nkhani yaing'ono, pakuti mpweya umene tonse timapuma sudziŵa malire a maiko. Opanga magalimoto ali ndi udindo wouchepetsa. Koma phunziro la zaka za m'ma 1970 ndi lakuti galimoto yanyonga inapulumuka mwa kusintha m'kati mwake, osati mwa kunamizira. Yamagetsi nayo idzakondedwa tsiku limene idzapeze chikoka chakechake, nileka kubwereka mau a inzake.